Mkaka wa Akulu Anga

Kwathu mwana akalira pagulu sakhala wa amake okha. Kaya ndi mu minibasi, kaya m'tchalitchi, kaya pamaliro, asanapume n'komwe mumva mayi wina amene simumudziwa akuti, "Mupaseni bele mwana uyo." Sanena mwachipongwe ayi. Ndi mmene timachitira basi, monga mmene munthu amapindira miyendo kuti mnzake adutse. Koma mawu amenewa ndi amene anatsekera akulu anga m'nyumba kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinalipo tsiku limene zinayamba.

Tinabadwa akazi awiri. Akulu anga anatsala kumudzi, kudera la Kalindawalo, n'kukwatiwa ndi mlimi wa thonje, munthu wofatsa amene ngakhale nkhuku saikalipira. Ine sukulu inandikonda, ndinaphunzira unamwino ndi uzamba, boma n'kunditumiza ku Nyimba. Akafuna kundiseka amanditchula kuti adokotala, ndipo amatero kawirikawiri chifukwa akuti ndimayankhula ngati wailesi yosazimitsika. Sinditsutsa. Pakamwa panga ndi popepuka, mtima wanga nawonso sumachedwa kukwera, pomwe iwo amatha kusunga nkhani mumtima chaka chathunthu osaitaya ngakhale dontho.

Ali ndi pakati poyamba anapita kusikelo, ndipo kumeneko anawapeza ndi kachirombo ka HIV. Alamu anga nawonso atayezetsa anapezeka nako. Sanauze amayi, sanauze abusa, anauza ine ndekha. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo ankapatsidwa kwa okhawo amene thupi lafooka kale, ndipo akulu anga anali amphamvu, olima ndime yawo n'kuthandizanso ya amuna awo. Nkhawa yathu yonse inali pa mwana. Tinkadziwa kuti kachirombo kamadutsanso mumkaka, koma mkaka wa m'chitini sunali wa anthu otunga madzi pachitsime. Choncho malangizo amene tinkaphunzitsidwa anali akuti mayi ayamwitse bele lokha, osapatsa madzi kapena phala, kenako asiyitse mwanayo msanga, kamodzin'kamodzi, osabwereranso. Ndinawauza zimenezi molimba mtima, ndipo sindinawanamize. Ndi zimene akatswiri ankadziwa nthawi imeneyo, ine n'kuzinyamula monga ndinazilandirira.

Anabereka mwana wamkazi wonenepa, wa masaya ogwira. Nthawi yosiyitsa itakwana ndinatenga tchuthi n'kupita kumudzi kukawathandiza. Mwanayo anali asanayambe n'kukwawa komwe. Akulu anga anamanga chifuwa ndi chitenje mpaka kupuma movutikira, koma mkaka sumva chitenje. Unkatulukabe, n'kunyowetsa bulauzi, mwana n'kumaununkhiza. Ankatembenuza kamutu kufunafuna, akapeza kapu ya phala ankaikankha ndi timanja tonse tiwiri. Ine ndinkamunyamula kupita naye kuseri kwa khola kuti amake asamve, ngati kuti mayi angalephere kumva mwana wake chifukwa cha khola la mbuzi.

Mkati mwa masiku omwewo amalume anamwalira. Pamaliro a amalume ako sungapepese kuti watanganidwa, choncho tinapita. Tinakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi ena, miyendo yotambasula, kukutentha, anthu othithikana. Mwana anayamba kulira. Mayi wina anati amupatse bele. Akulu anga anatulutsa kapu ndi supuni. Wina anabwereza, wachitatu anabwerezanso, nyimbo ya maliro n'kuyamba kuchepa mphamvu chifukwa maso onse anali pa ife. Kenako mayi wina wachikulire woyandikana nawo nyumba, amene anatiwona tonse tikubadwa, anayang'ana bulauzi yonyowa ija n'kufunsa mokweza ndithu:

"Kansi muli na pakati pena, mwana akali khanda tele?"

Kwathu mayi wosiyitsa khanda amamuganizira ziwiri, mwina watumbiza, mwina ali ndi matenda aja amene anthu sankawatchula dzina. Akulu anga anadzuka, anaponda pakati pa miyendo ya anthu, n'kutuluka. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwada, mwana ali pamiyendo, akumudontheza phala m'kamwa uku misozi ikugwera mu kapu momwemo. Kunena zoona, amalume tsiku limenelo sanaliridwe ndi akulu anga. Ine ndinkafuna kubwerera m'nyumba muja kukamuyankha mayi uja, koma anandigwira chitenje n'kundikhazika pansi.

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kupita kumaliro. Kutchalitchi ankapita mwa apo ndi apo, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, koma pamaliro ayi. Ankatumiza ufa, ankatumiza nkhuni, alamu anga ankapita kukakumba manda, koma iwo phazi lawo silinapondeko. Mudziwa kuti maliro n'kulirana. Munthu wosapita pamaliro a anzake amakhala ngati wadzichotsa yekha m'mudzi. Anthu anayamba kunena kuti ndi wonyada chifukwa mng'ono wake ndi nesi, ena n'kumati tidzaona amene adzamulire. Amayi anawakalipira mpaka kutopa. Ngakhale mwana atakula n'kuyamba kuthamanga, akulu anga sanasinthe, chifukwa mumtima mwawo anali atatsimikiza kuti mudzi wonse unawerenga nkhani yawo pa bulauzi ija.

Mwanayo ndiye anatisautsa. Atangosiya bele anayamba kutsegula m'mimba, masaya aja anagwa, tsitsi linafiira. Anagonekedwa m'chipatala ku Petauke, ndipo panali tsiku lina limene ine, amene ndaona ana ambiri, ndinatuluka panja kuti akulu anga asawone nkhope yanga. Mulungu anatichitira chifundo, anachira. Atamuyeza anapezeka alibe kachirombo, ndipo tonse tinati mavuto aja sanapite pachabe.

Patapita zaka kuchipatala kwathu ku Nyimba kunabwera dokotala wochokera kumpoto, wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Munthu ameneyu ankakonda kuwerenga kuposa kudya. Anayambitsa chizolowezi choti tsiku lina pasabata, odwala akachepa masana, tizikhala pansi n'kuwerenga pamodzi zimene ochita kafukufuku alemba m'magazini a zachipatala. Poyamba ndinkapita chifukwa cha tiyi, sindibisa. Koma iye anatiphunzitsa kuona mmene nkhani za HIV zayendera m'mapepala amenewo, kuti pachiyambi onse ankalemba za mmene anthu akufera, kenako za mankhwala, kenako za amayi ndi ana, ndipo nkhani ikatha kutafunidwa onse amasamukira pa ina ngati mbalame pamunda wa mapira. Anatisonyezanso pakompyuta kanambala kamene kamakhala pansi pa pepala lililonse, kosonyeza kuti akatswiri ena alitchula kangati m'zolemba zawo. Akuti pepala lolemera ndi limene anzako amalitchula kambiri. Ine ndinamuuza kuti ndiye kuti akatswiri sasiyana ndi akamwini, ubwino wawo umamveka pakamwa pa oyandikana nawo. Anaseka n'kuvomera.

Masana ena anabwera ndi mapepala onena za kuyamwitsa. Tinawerenga pang'onopang'ono, iye akumasulira pamene Chingerezi chalimba. Zimene ndinamva ndi izi: kusiyitsa ana msanga sikunawapulumutse monga tinkayembekezera, chifukwa ambiri amene anathawa kachirombo anakagwa m'manja mwa kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Ndipo mapepala ena otsatira ankasonyeza kuti mayi akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mpata woti kachirombo kadutse mumkaka umachepa kwambiri. Pamene anzanga ankafunsa mafunso, ine ndinkangowona nkhokwe ija ndi tsitsi lofiira lija. Mtima unakwera. Ndinatuluka osatsanzika, ndinapita kumsewu waukulu kumene amayi amagulitsa nthochi kwa apaulendo, ndinagula phava n'kudya nditaimirira ngati munthu wobwezera. Ndinalibe womukwiyira, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikwiyitsa koposa. Mawa lake dokotala uja, amene sankadziwa za kwathu, anandiuza modekha kuti kafukufuku amatero, amadzikonza yekha akamapita. Ndinayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinati amadzikonza ena atalira kale.

Malangizo a boma anasinthadi. Amayi oyembekezera onse opezeka ndi kachirombo anayamba kupatsidwa mankhwala a moyo wonse, ndipo ife amene tinkati siyitsani tinayamba kunena kuti yamwitsani. Akulu anga ndi alamu anali atayamba kale mankhwala, matupi awo ali bwino. Zaka zonsezo anali atakana kuberekanso, koma tsiku lina anatsika minibasi ku Nyimba ali ndi thumba la mtedza pamutu, ndipo ndisanawalandire katundu ndinaona kale mayendedwe. Mzamba sabisidwa mimba.

Titakhala pakhonde anandiuza zimene anakonza. Mwana ameneyu sadzamuyamwitsa ngakhale tsiku limodzi, kuti asadziwe n'kukoma kwake komwe, asadzalire ngati mkulu wake. Adzagulitsa mbuzi kuti azigula mkaka wa m'chitini, adzaphitsa madzi, adzapirira. Ine ndinalumphira nkhani mosangalala ngati ndanyamula mphatso. Ndinawauza kuti zinthu zinasintha, kuti akatswiri apeza zina, kuti tsopano akhoza kuyamwitsa mpaka mwana kuyenda bola asadumphitse mankhwala. Ndinayankhula nthawi yaitali, iwo akuswa mtedza osandiyang'ana. Nditatha anati, m'chiyankhulo chakwathu chimene dzulo ndi mawa onse timati mailo:

"Mailo unaniuza kuti nileke, ninaleka. Lelo ukuti niyamwise. Nanga mailo uzaniuza chani?"

Ndinayamba kufotokoza za mapepala, koma anandidula.

"Mapepala yako yakasintha, yalemba pena. Newo mwana akatenga, nizalemba pati?"

Pamenepo pakamwa panga popepuka panalemera. Wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe, ndipo amene anawabweretsera chakudacho ndinali ine, ngakhale ndinachibweretsa ndi mtima wabwino. Ndinawauza kuti sindingalonjeze kuti akatswiri sadzasinthanso, ndiponso sindinganame kuti ngozi palibiretu. Ndinangoti akanakhala mwana wotuluka m'mimba mwanga, ndikanamuyamwitsa. Akulu anga anagona masiku awiri, anandisesera pabwalo, anandinyoza kuti nyumba ya adokotala ilibe ngakhale mtondo, n'kubwerera kwawo nkhani ili lende.

Masiku atayandikira anabwera kudzadikirira kwathu, ndipo anachira m'manja mwa mzamba mnzanga, ine nditaima kumutu. Anali mwana wamwamuna. Monga timachitira, mnzangayo anamuika pachifuwa pa amake n'kuwafunditsa. Chitini cha mkaka chinali m'chikwama pansi pa bedi, ndinali nditachiwona. Kamwanako kanayamba kukwawa ndi mimba, kakutsegula kukamwa, kakugunda mutu uku ndi uku. Akulu anga anaika dzanja pakati pa kamwa ndi bele. Anandiyang'ana. Sindinanene kanthu, ndipo aka mwina kanali koyamba m'moyo wanga. Patapita kanthawi anachotsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinkamva kamwanako kakumeza.

Miyezi yotsatira inali ya mantha, ndisakunamizeni. Mankhwala ankamwa pa nthawi yake ngati lamulo la Mulungu, ndipo a mwana ankamudontheza m'kamwa. Nthawi iliyonse yoyeza mwana ikayandikira ankasiya kudya. Zotsatira zikabwera zabwino ankasangalala tsiku limodzi, kenako n'kuyamba kuopa zotsatira zina. Mwana wawo woyamba uja, amene tsopano anali msungwana wa sukulu wamiyendo yaitali, ankakonda kukhala pafupi n'kumaonerera mlongo wake akuyamwa. Tsiku lina anaseka n'kunena kuti agogo amati iye anamanidwa bele ali khanda, ndiye chifukwa chake ndi wowonda. Ankangocheza, koma ndinawona akulu anga akumukokera pafupi ndi dzanja lotsalalo n'kumugoneka mutu paphewa. Anakhala choncho, wina kubele, wina paphewa, mpaka msungwanayo anadandaula kuti khosi lawawa.

Ndinene pano kuti mtima wanu ukhale pansi. Mnyamatayo anayamwa mpaka kuyenda ndi kuyamba kutchula mawu, anasiya pa nthawi imene amake anafuna, ndipo atamuyeza komaliza analibe kachirombo. Lero ali pasukulu ndipo amadya ngati wobwereka m'mimba. Nkhani ya kuyamwitsa siimvekanso kwambiri tikakhala pansi kuwerenga, mbalame zinasamukira pa minda ina. Tsopano timawerenga za jakisoni wokhala nthawi yaitali m'thupi, ndi za anthu amene akukalamba ndi kachirombo, a kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Akulu anga ali m'gulu limenelo, ndipo amandifunsa kuti jakisoniyo afika liti kwawo chifukwa mapiritsi awatopetsa. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri chinachitika mwanayo akadali kumsana.

Ndinapita kumudzi nthawi yokolola. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango tikuswa mtedza, mwana akuyamwa, ndipo mwadzidzidzi anandifunsa kuti anthu olemba mapepala aja anadziwa bwanji kuti kusiyitsa msanga n'koipa. Ndinawafotokozera monga ndikanathera. Ndinati amayi ambiri, ena a m'dziko lathu lomwe lino, anavomera kuti akatswiri aziwatsatira pamodzi ndi ana awo. Ena anasiyitsa msanga, ena anapitiriza, ndipo akatswiri ankalemba zonse, wodwala, wochira, ndi womwalira. Anafunsa ngati analipodi ana amene anamwalira. Ndinati analipo. Anafunsa ngati amayi awo anali anthu ngati iwo, omanga chitenje pachifuwa. Ndinati ambiri anali otero.

Kenako anati ndiwaonetse. Ndinatulutsa foni, ndinayenda mpaka pachulu pamene netiweki imagwira, n'kubwera ndi pepala limodzi. Chingerezi sawerenga, choncho ndinawasonyeza mayina a olemba pamwamba, ndi kanambala kaja ka dokotala wathu, n'kuwauza tanthauzo lake. Sizinawakhudze. Anafunsa kuti ana aja ali pati. Ndinatsitsa ndi chala mpaka pamene pali mizere ya manambala, n'kunena kuti ali apa, koma mayina salemba. Anapukuta manja pachitenje, analandira foni ndi manja awiri, anaiyang'ana, ndipo anayankhula motsitsa mawu monga timachitira tikalowa m'nyumba ya siwa.

"Pepani, anzanga. Pepani ngako."

Atandibwezera foni anati, "Mwana wanga oyamwa chifukwa cha malilo ya anzanga, ndipo newo n'nayendeko lini." Ankanena za maliro a ana aja, amene iwo sanapiteko. Ndinatola makoko a mtedza n'kumawaphwanya, ngakhale munalibe kanthu.

Sipanapite nthawi yaitali, mayi wachikulire uja amene anafunsa funso pamaliro a amalume anamwalira. Alamu anandiimbira foni chifukwa anali ngati mayi wathu tonse, ndipo ndinakwera minibasi m'mamawa. Nditafika ndinapeza akulu anga atavala kale duku, mwana ali kumsana, akundidikira pakhomo. Ndinaganiza kuti akufuna kundipatsa ufa woti ndikapereke. Anatseka chitseko n'kutsogola.

Titalowa m'nyumba ya siwa mitu inatembenuka. Wina ananong'oneza mnzake, koma amayi awiri anapinda miyendo n'kutipatsa malo. Akulu anga anakhala pansi, analira monga amalirira munthu wa m'mudzi, kenako anamasula mwana n'kumuika pamiyendo. Kunali kutentha, ndipo sanachedwe kuyamba kulira. Ndinayembekezera kuti amupatsa bele nthawi yomweyo monga ankachitira kunyumba, koma sanatero. Anangomugwedeza pang'ono, maso ali pansi. Mwana anawonjezera. Ndinawagunda ndi chigongono, sanasunthe, ndipo mtima wanga unayamba kukwera, kuganiza kuti mantha akale awagwiranso. Nditawayang'ana bwino ndinaona kuti dzanja lawo lili kale pa batani la bulauzi. Ankadikira.

Kuchokera pakona, mayi wina amene sindinamudziwe anakweza mawu pakati pa nyimbo.

"Imwe amake mwana, mupaseni bele mwana uyo."

"Namvela, amai," anatero akulu anga, n'kumupatsa.